Lipoti la pisitolo yong'aluka felemu ndi momwe nkhani ya waranti yake inayendera

Lipoti lino likufotokoza nkhani ya mfuti yaing'ono ya mtundu wa pisitolo, yowombera zipolopolo za 9mm, yomwe inabwera m'shopu yathu yogulitsa ndi kukonza mfuti kumpoto kwa Indiana, ku United States, m'chaka cha 2023 itang'aluka felemu, lomwe ndi thupi la m'munsi la mfutiyo pomwe pali chogwirira. Ndimakonza mfuti pansi pa layisensi ya shopuyo, yomwe boma limapereka kudzera ku ATF, nthambi yake yoyang'anira za mfuti, ndipo kuno anthu amangoitchula kuti FFL. Dzina la mwini mfuti komanso la kampani yomwe inaipanga ndawasiya dala, chifukwa chofunika pano ndi momwe nkhani ya waranti, lomwe ndi lonjezo la kampani lokonza ulere katundu wake akapezeka ndi vuto, imayendetsedwera kuyambira pamene mfuti yaikidwa pa tebulo mpaka pamene yabwerera kwa mwini wake.

Mwini mfuti ndi dandaulo lake

Mwini mfutiyo ndi bambo wachikulire wochokera kwathu ku Malawi, yemwe anakhazikika kuno kalekale ndipo ndi nzika ya dziko lino. Amagwira ntchito ya ulonda wonyamula mfuti ku kampani ina ya zachitetezo, koma mfutiyo ndi yawoyawo: anaigula yatsopano ku shopu ina, ndipo abwana awo anangolemba nambala yake m'mabuku a kuntchito. Tsiku lina akuyeserera kuwombera, anaona kuti slide, chomwe ndi chitsulo cha pamwamba chomwe chimabwerera m'mbuyo mfuti ikalira, ikumaima isanatsekeke bwinobwino, moti ankachita kuikankha ndi chala. Anaganiza kuti ndi litsiro chabe, koma atafika kunyumba n'kuyamba kuitsuka ndi pamene anaona mng'alu kumanja kwa felemu.

Pempho lawo linali lachidule. Anati, "Achimwene, kamng'alu kake n'kochepa, tangomatani ndi guluu wolimba uja kuti Lolemba ndikalowe nayo ntchito." Ndinawakanira mwaulemu pa zifukwa ziwiri. Choyamba, malo omwe anang'aluka ndi omwe amalandira mphamvu yonse mfuti ikawomba, ndipo palibe guluu yemwe ndingamukhulupirire pamalo otero, makamaka pa mfuti yomwe munthu akudalira kuti iteteze moyo wake. Chachiwiri, ndikanangokhudza mng'aluwo ndi guluu kapena chitsulo chotentha, ndikanafafaniza umboni womwe kampani imayang'ana poweruza ngati vuto ndi lawo kapena la mwini mfuti. Popeza mfutiyo inayenera kugona m'shopu, ndinailemba m'buku la mfuti zolowa ndi zotuluka monga momwe lamulo limafunira, ndipo ndinawapempha kuti abweretse lisiti, kabuku ka malangizo, mabokosi a zipolopolo zomwe ankagwiritsa ntchito, zigoba zilizonse zomwe anatola, ndi ziwalo zonse zomwe anachotsapo pa mfutiyo chiigulireni.

Zomwe ndinapeza poiyang'ana

Ndisanamasule chilichonse ndinaijambula mbali zonse momwe inabwerera, litsiro lake lili pomwepo, ndipo pa chithunzi chilichonse cha mng'alu ndinaikapo lula kuti kukula kwake kuzioneka. Felemu yake ndi ya pulasitiki yolimba ya mtundu wa polymer, yokhala ndi zitsulo mkati. Mng'aluwo unayambira pa bowo la pini yomwe imagwira locking block, kachitsulo komwe paipi ya mfuti imatsamirapo ikamatsika pobwerera m'mbuyo, n'kukwera chopendekeka kulowera ku njanji ya kutsogolo komwe slide imayendamo. Kunja unkaoneka ngati katsitsi, koma nditachotsa pini n'kuwalitsa tochi kuchokera mkati, kuwala kunkadutsa, kusonyeza kuti unaboola khoma lonse. Njanji ya kumanjayo inali itapendekeka pang'ono kwambiri, ndipo n'chifukwa chake slide inkakakamira.

Funso lomwe limagamula nkhani za waranti si lakuti mfuti yaonongeka motani, koma lakuti chaiononga n'chiyani. Choncho ndinayamba kuchotsa chimodzichimodzi zifukwa zomwe kampani ikanatha kukanira.

Choyamba chinali chipolopolo chotsakamira. Nthawi zina chipolopolo chopanda onga wokwanira chimaima pakati pa paipi, ndipo munthu akawomba china pambuyo pake, paipiyo imatupa ndipo mphamvu yotsalayo imatha kuswa felemu. Ndinadutsitsa kansalu kothina m'paipi pang'onopang'ono, chifukwa pamalo potupa kansalu kamapepuka mwadzidzidzi dzanja n'kumva, koma kanayenda mofanana kuyambira kumbuyo mpaka kumapeto. Ndinayezanso paipiyo kunja m'malo angapo ndipo panalibe kusiyana. Chipinda cha chipolopolo ndinachiyeza ndi zoyezera ziwiri, china chomwe mfuti iyenera kutsekeka nacho ndi china chomwe siyenera kutsekeka nacho, ndipo zonse zinali m'malo mwake.

Chachiwiri chinali zipolopolo zenizenizo, ndipo apa ndinakhalitsa chifukwa ndi pomwe madandaulo ambiri amafera. Pafupifupi kampani iliyonse imalemba m'kabuku kake kuti siidzakonza ulere mfuti yoonongeka ndi zipolopolo zothiridwanso onga kunyumba. Bambowa anandiuza kuti sanagwiritsepo ntchito zoterozo, ndipo zigoba zomwe anabweretsa zinawachitira umboni: zonse zinali za kampani imodzi, zofanana ndi mabokosi awo, zopanda zizindikiro zoti zinapanikizidwaponso m'makina. Panalibe chigoba chotupa m'munsi, pamalo pomwe chipinda sichichigwira mokwanira, ndipo kachitsulo koyatsira onga kumbuyo kwa chigoba chilichonse kanali kosaphwatalala, pomwe kakaphwatalala kamasonyeza kuti mphamvu inapyola muyezo. Komabe mabokosi awiri anali a zipolopolo zolembedwa kuti +P, zamphamvu kuposa zawamba, zomwe ankanyamula kuntchito. Bungwe la SAAMI, lomwe lakhala likuika miyezo ya mfuti ndi zipolopolo kuno kuyambira 1926, linaika malire a mphamvu (yomwe imayezedwa mu psi) ya 9mm wamba pa 35,000 psi ndipo a +P pa 38,500 psi. Zolembedwa kuti +P+ zilibe muyezo wa bungweli, ndipo zikanapezeka m'gulumo nkhani yathu ikanavuta kwambiri. Kabuku ka mfutiyi kankalola +P, n'kungochenjeza kuti zimafulumizitsa kutha kwa ziwalo. Tsamba limenelo ndinalijambula, pamodzi ndi nambala za gulu la zipolopolo zomwe zimadindidwa pa chivundikiro cha bokosi, chifukwa zikanapezeka kuti vuto ndi zipolopolo, dandaulo likanapita kwa opanga zipolopolo osati kwa opanga mfuti, ndipo iwo chinthu choyamba chomwe amafunsa ndi nambala imeneyo.

Zina zinali zosavuta. Panalibe chipsera chosonyeza kuti mfutiyo inagwa pansi polimba, chogwirira sichinaotchedwepo kapena kusemedwa monga ena amachitira kuti chisamaterere, ndipo mankhwala omwe ankatsukira ndi omwe amagulitsidwira mfuti. Sipuling'i yobweza slide inali yake yochokera nayo ku fakitale ndipo inali ikadali yamphamvu. Mfundo imeneyi ndi yofunika kuposa momwe ambiri amaganizira, chifukwa sipuling'i yofooka, kapena yopepuka yomwe anthu ena amaikamo okha, imalola slide kumenya felemu mwamphamvu nthawi iliyonse mfuti ikalira, ndipo kampani ikaipeza imakhala ndi chifukwa chomveka chokanira.

Chomwe chinatsala chinali chimodzi: bambowa anachotsa trigger (kachitsulo kokoka ndi chala powomba) ya ku fakitale n'kuikamo ya kampani ina, yopepukirapo pokoka. Mwamwayi yakaleyo anaisunga m'kathumba.

Zomwe waranti inanena

Anthu ambiri amamva mawu akuti waranti ya moyo wonse n'kuganiza kuti makampani onse amatanthauza chinthu chimodzi, pomwe sizili choncho. Smith & Wesson imalonjeza kukonza kwa moyo wonse mfuti zogulidwa kuyambira pa 1 February 1989, koma kwa munthu yekhayo amene anaigula koyamba. Hi-Point imakonza ngakhale mfutiyo itadutsa m'manja mwa anthu angapo. Ruger siipereka n'komwe waranti yolembedwa, ndipo imafotokoza m'timabuku take kuti inasankha kutero chifukwa cha zomwe lamulo la Magnuson-Moss limafuna kwa aliyense wopereka waranti yolembedwa, ngakhale kuti imadziwika kuti imakonza mfuti zake. Mfuti ya nkhani ino sinali ya kampani iliyonse mwa zitatuzi. Waranti yake inali ya malire, ya wogula woyamba yekha, yokhudza zolakwika za zipangizo kapena za kapangidwe, ndipo nthawi yake inali isanathe. Lisiti inalipo ndipo dzina linali lawo. Panali chiganizo chimodzi chokha chodetsa nkhawa, chonena kuti kampani siidzayankhapo pa mfuti yosinthidwa ndi munthu yemwe sinamuvomereze.

Lamulo la Magnuson-Moss, lomwe linasainidwa mu January 1975, limaletsa kampani kumangirira waranti yake pa lamulo loti wogula azigwiritsa ntchito ziwalo za kampaniyo zokha kapena amisiri ake okha, pokhapokha ngati ikuzipereka ulere kapena yalandira chilolezo chapadera ku FTC, bungwe la boma loteteza ogula. Mu 2018 bungweli linalembera makampani 6 a magalimoto, mafoni ndi makina a masewero kuwachenjeza pa nkhani yomweyi. Tanthauzo lake si lakuti munthu angathe kuchita chilichonse ndi katundu wake kampani n'kumangolipira ayi. Ngati chiwalo chachilendocho ndi chomwe chaononga, kampani ili ndi ufulu wokana. Koma kungopezeka kwa chiwalo chachilendo sikokwanira kupha waranti yonse. Choncho ntchito yanga inali yosonyeza kuti trigger ija ndi mng'alu uja n'zosakhudzana.

Apa panali chosankha chomwe amisiri timasiyana maganizo. Ena amabwezeretsa ziwalo za ku fakitale mwakachetechete n'kutumiza mfuti ngati sinasinthidwepo. Ine njira imeneyo sindigwirizana nayo, osati chifukwa cha chilungamo chokha, komanso chifukwa amisiri a ku fakitale amaona mfuti za mtundu umodzi tsiku ndi tsiku, moti zipsera za pa mapini omwe anakhomedwapo komanso trigger yosaperepeseka pa mfuti yomwe yawomba kwambiri amazizindikira msanga, ndipo akangoona kuti mwabisa chimodzi sakhulupiriranso china chilichonse chomwe mwalemba. Komanso si nzeru kutumiza mfuti ili ndi ziwalo za makampani ena, chifukwa ambiri amazichotsa n'kubwezeretsa zawo, ndipo ena amanena poyera kuti sadzazibweza. Chomwe ndinachita ndi kujambula mfutiyo trigger yachilendo ili momwemo, kenako kubwezeretsa ya ku fakitale, n'kulemba zonsezi m'kalata.

Kutumiza

Ndinaimbira foni kampaniyo n'kutumiza zithunzi, ndipo anatipatsa nambala ya dandaulo pamodzi ndi pepala lotumizira lomwe analipira okha. Mfuti yofika ku fakitale popanda nambala imeneyi imatha kukhala nthawi yaitali osaigwira. Pa nthawi ya nkhaniyi munthu wamba sankaloledwa kutumiza pisitolo pa positi ya boma, malinga ndi lamulo la 1927, pomwe wa layisensi ankaloledwa akadzaza fomu ya PS 1508, ndipo makampani onyamula katundu a UPS ndi FedEx anali atakhwimitsa malamulo awo moti ankafuna kuti wotumiza akhale wa layisensi yemwe ali nawo pa mgwirizano. Lamulo la dziko limalola mwini mfuti kuitumiza yekha kwa wopanga kuti ikakonzedwe n'kubwerera kwa iye mwachindunji, koma bambowa anasankha kuti idutse m'shopu yathu popeza kunyumba kwawo masana kulibe munthu wamkulu wosainira. Ndinailongedza yopanda chipolopolo, yopanda magazini (mosungira zipolopolo) poti sanaipemphe, m'bokosi lopanda chizindikiro chilichonse kunja chosonyeza zomwe zili mkati. Zigoba ndi mabokosi a zipolopolo zinatsala ndi ife.

Kalata yomwe ndinaikamo inali ya tsamba limodzi. Inatchula nambala ya mfuti, tsiku logula, vuto monga momwe mwini wake analionera, zomwe ndinayeza ndi zotsatira zake, mtundu wa zipolopolo kuphatikizapo za +P, ndi nkhani ya trigger. Sindinalembemo kuti kampani inalakwitsa, chifukwa zimenezo sindikanatha kutsimikiza popanda kudula felemuyo. Ndinangopempha kuti aiyang'ane pansi pa waranti, ndi kuti asagwire ntchito iliyonse yolipiritsa asanatiuze.

Yankho loyamba ndi mkangano wake

Patapita masabata angapo tinalandira uthenga wa mizere yochepa wonena kuti felemu iyenera kusinthidwa, koma popeza mfutiyo inasinthidwapo ziwalo, mwini wake alipire felemu yatsopano ndi ntchito. Bambowa atamva anakhumudwa ndipo ananditembenukira. Anati, "Mwaona tsono achimwene, mukanangokhala chete za trigger zija bwenzi pano atatikonzera." Anaganizanso zongoitanitsa mfuti yawo n'kugula felemu yakale pa intaneti. Ndinawafotokozera kuti pa mfuti ya mtundu umenewu, felemu ndiyo mfuti pamaso pa lamulo la 1968 loyang'anira mfuti, chifukwa ndi pomwe pali nambala, yodindidwa pa kachitsulo komwe kanakwiriridwa mu pulasitikimo. Kugula felemu ina ndi kugula mfuti ina, ndi mafomu ake onse, ndipo kusuntha kapena kufafaniza nambala ndi mlandu waukulu. Pali mapisitolo ena, monga SIG Sauer P320, omwe nambala yake ili pa chitsulo cha mkati chomwe chimachotsedwa, moti chogwirira cha pulasitiki chimagulidwa ngati chiwalo wamba, koma yawoyi sinali yotero.

Ndinayankha kampaniyo polemba, osati pa foni, kuti pakhale chosunga. Ndinafotokoza kuti trigger ya mfutiyi imazungulira pa pini ina, yomwe bowo lake linali labwinobwino mbali zonse ziwiri, pomwe mng'alu unayambira pa bowo la locking block. Ndinavomereza kuti posintha trigger mapini onsewo amachotsedwa, ndipo munthu wokhoma mosasamala akhoza kuononga bowo, koma ndinawalozera ku zithunzi zomwe zinkasonyeza kuti m'mphepete mwa bowolo munalibe chipsera cha chokhomera, ndiponso kuti mng'alu unatsata njira yomwe mphamvu imadutsa paipi ikamenya locking block, osati njira yomwe pini imalowera. Pomaliza ndinapempha kuti ngati akuonabe kuti trigger ndiyo inaswa felemu, mmisiri yemwe anaiyang'ana atilembere momwe zinachitikira, ndipo ndinatchula lamulo la Magnuson-Moss m'chiganizo chimodzi chokha. Sindinaopseze za khoti. Pa zomwe ndaona pa ntchitoyi, kalata yoopseza imachoka pa tebulo la mmisiri n'kupita ku ofesi ya maloya, ndipo kumeneko zinthu siziyenda msanga.

Ndikuganiza kuti yankho loyamba lija linachokera kwa wolandira madandaulo yemwe anangoona mawu oti trigger inasinthidwa n'kutsata ndondomeko yake, chifukwa yemwe anatiimbira kachiwiri anali munthu wina, wodziwa mfutiyo mkati ndi kunja, ndipo mafunso ake anali a sipuling'i ndi kuchuluka kwa zipolopolo za +P zomwe zinawombedwa. Nkhani ya trigger sanaibwerezenso. Anavomera kusintha felemu ulere. Pepala la ntchito lomwe linabwera ndi mfutiyo linangoti felemu yasinthidwa, sipuling'i yasinthidwa, mfuti yayesedwa, osatchula chomwe chinayambitsa mng'alu, ndipo felemu yakaleyo anaisunga okha. Maganizo anga ndi akuti pulasitiki ya pafupi ndi bowolo inali ndi kofooka kuchokera pomwe inaumbidwa, ndipo zipolopolo za +P zinangofulumizitsa zomwe zikanachitikabe.

Nambala yatsopano

Mfutiyo inabwerera ndi slide ndi paipi zake zakale, koma felemu inali ndi nambala ina. Malamulo a ATF amanena kuti fomu 4473, yomwe munthu amadzaza pogula mfuti m'shopu, siifunika pamene mfuti yomwe inaperekedwa kuti ikonzedwe, kapena ina yolowa m'malo mwake, ikubwezedwa kwa munthu yemweyo amene anaibweretsa, ngakhale kuti makampani ena ndi mashopu ena amaidzazitsabe pofuna kudziteteza. M'buku lathu ndinalemba kuti nambala yakale inatulukira ku fakitale, yatsopano inalowa kuchokera ku fakitale n'kutulukira kwa mwini wake, ndipo ndinasunga kope la kalata ya kampani yolumikiza nambala ziwirizo. Kalata imeneyi ndinachita kuipempha, chifukwa sinabwere yokha. Indiana ilibe kaundula wa mfuti, choncho kuboma kunalibe choti tikasinthe, koma ku Michigan, komwe ndi pafupi kwambiri ndi ife, apolisi amasunga mbiri ya mapisitolo ogulidwa, ndipo ku New York pisitolo iliyonse imalembedwa pa layisensi ya mwini wake ndi nambala yake, moti munthu wa kumeneko akanayenera kufunsa kaye akuluakulu a dera lake asanailandire.

Ndisanaipereke ndinaimasula n'kuyang'ana mabowo a mapini ndi njanji, kenako ndinaiyesa ndi zipolopolo wamba komanso za +P zomwe amanyamula kuntchito, ndipo slide inkatsekeka yokha nthawi zonse. Bambowa anafunsa ngati ndingawabwezeretsere trigger yopepuka ija. Ndinawalangiza kuti afunse kaye abwana awo, chifukwa makampani ambiri a zachitetezo salola mfuti yosinthidwa pa ntchito, ndipo zinapezeka kuti kwawonso n'koletsedwa, choncho inatsala ya ku fakitale. Anatenga kope la kalata ija kupita nalo kuntchito kuti nambala isinthidwe m'mabuku, lina kwa a inshulansi ya katundu wa m'nyumba, ndipo lachitatu analiphatikiza ndi lisiti yakale, popeza nambala ya pa lisitiyo tsopano siikugwirizana ndi ya pa mfuti, ndipo akadzafunanso waranti adzayenera kusonyeza mapepala awiriwo pamodzi.